Sikuta imene ndinagula kuti ndisamachedwe kuntchito

Ndinkaitchula kuti kabaza wanga, sikuta yamagetsi ya timatayala tiwiri imene umakwera choimirira. Ndinaigula mapaundi 180 kwa mnyamata wina amene anaitsatsa pa Facebook. Tinakumana kuseri kwa sitolo, pamalo oimika magalimoto, iye n'kundionetsa batani loyatsira ndi pofinya buleki, ine n'kumuwerengera ndalama, malonda n'kuthera pomwepo. Panalibe pepala lililonse. Sindinafunse kanthu, nayenso sananene kanthu. Paja amati safunsa anadya phula. Langa ndinalidya patatha miyezi isanu, madzulo ena a mu Novembala 2023, mu kamsewu kena ka nyumba zogundizana ku Northampton.

Ndiyambe ndi chimene chinandigulitsa sikutayo, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amene tinabwera kuno ku England pa viza yosamalira okalamba tili m'mavuto ofanana. Ntchito yanga ndi yoyenda khomo ndi khomo. M'mawa foni imandionetsa ndandanda: 7 koloko kwa agogo awa, kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, ikakwana 7:45 ndikhale ndafika kwa agogo ena. Pakati pa makomo awiriwa olemba ndandanda amaika mphindi zisanu kapena khumi, ngati kuti tonse tili ndi galimoto. Ine ndinalibe. Anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa amangosinthitsa laisensi yakwawo n'kulandira ya kuno, koma ya ku Malawi siili m'gulu limenelo: umayendetsera miyezi 12 yokha, kenako ukayambirenso mayeso. Ine ndiye ndinalibe ndi yakwathu yomwe. Ndinali nditangotenga laisensi ya ophunzira, n'kumasunga ndalama za sukulu yoyendetsa. Basi imabwera pa nthawi yake, osati pa nthawi yako. Wapansi ndinkafika thukuta lili kamukamu mkati mwa jekete, agogo atakwiya kale, ofesi itaimba kawiri.

Ndiye m'tawuni monse munali masikuta. Pakona iliyonse yaimikidwa, ana asukulu zaukachenjede akudutsa nazo, anthu a masuti omwe. M'masitolo akuluakulu zinali pa shelefu, mtengo utamatidwa. Munthu wochokera ku Chilomoni ngati ine ndikanaganiza bwanji kuti chinthu chogulitsidwa poyera chonchi n'choletsedwa?

Apa ndi pamene ambiri timagwera, choncho ndifotokoze bwinobwino monga anandifotokozera wapolisi ndili chikhalire pansi. Masikuta amene mumawaona ataimikidwa m'misewu ndi obwereka. Boma linawalola mu Julaye 2020 ngati kuyesa chabe, m'matawuni osankhidwa, ndipo ku Northampton anayamba chaka chomwecho. Kuti ukwere umafunika laisensi, ngakhale ya ophunzira, liwiro lake linatsekeredwa kuti lisapitirire mamailosi 15.5 pa ola (ku London n'locheperanso, 12.5), ndipo inshuwalansi imalipiridwa ndi kampani yobwereketsayo. Sikuta yogula wekha ndi nkhani ina. Kugula n'kololedwa, kugulitsa n'kololedwa, koma kukwera n'kololedwa pamalo a munthu okha, mwini malo atavomera. Pamsewu ayi, panjira ya njinga ayi, pakanjira ka oyenda pansi ndiye ayi weniweni. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la pamsewu la 1988 limaiwerenga ngati galimoto, pakuti ili ndi injini, ngakhale yamagetsi. Galimoto imafuna inshuwalansi, nambala ndi msonkho, ndipo sikuta yako singapeze zimenezi. Ndiye tsiku lililonse limene ndinkapita kuntchito ndinkayendetsa galimoto yopanda inshuwalansi, ndili ndi yunifolomu ya kampani pathupi, ndikumwetulira.

Kunena zoona, miyezi yoyamba inandikomera. Ndinasiya kuchedwa. Ndinkapeza mpata womwa tiyi pakati pa makomo. Mantha a masiku oyamba atatha, ndinayamba kuchita zinthu zimene lero ndikaziganiza thupi limachita tsembwe. Chipewa chodzitetezera sindinagule, ati chingandiphwanyire tsitsi, komanso lamulo silikakamiza ngakhale kwa okwera zobwereka. Ndinkavala mahedifoni n'kumamvera nyimbo za kwaya kapena mauthenga a pa WhatsApp ochokera kumudzi. Foni ikalira ndinkaitulutsa ndi dzanja limodzi kuti ndione ngati ndandanda yasintha. Pamaloboti, ndikaona kuti kulibe galimoto, ndinkangodutsa. Mumsewu mukakhala mabasi ndinkakwera pakanjira ka oyenda pansi, ndikumadziuza kuti kumeneko ndiye kotetezeka. Kotetezeka kwa ine, inde. Za anthu ena sindinaziwerengere.

Choipa kwambiri chinali cha makomo amene timapita awiriawiri, kwa odwala ofunika kuwanyamula ndi makina. Mnzanga wina wa ku Zambia, wa ku Chipata, amene timalankhula naye chinenero chimodzi, ankandiuza kuti, "Asisi, ndikwezeniko, tachedwa." Ankaima kumbuyo kwanga, mapazi anayi pa kathabwa kotalika ngati mkono, atandigwira m'chiuno, zikwama zili kumsana. Tinkaseka njira yonse, tikumati tafika pa Chipata pamene njinga imanyamula banja lonse ndi mbuzi yomwe. Koma njinga ya kabaza ili ndi mpando, ndipo matayala ake ndi aakulu. Sikuta anaipangira munthu mmodzi. Mukakwera awiri buleki imachedwa kugwira, chiwongolero chimapepuka, ndipo wakumbuyo alibe chogwira china koma iwe amene ukugwa naye limodzi. Mulungu yekha ndi amene anatisunga masiku amenewo.

Batire ndinkaitchaja usiku, m'kakhonde ka mkati pafupi ndi chitseko chotulukira, m'nyumba imene tinkagona anthu asanu. Chaja yake inali itaduka, ndinagula ina yotchipa pa intaneti. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ozimitsa moto kuno amachenjeza zinthu zitatu zomwezo: osatchaja uli mtulo, osatchaja potulukira, osagwiritsa ntchito chaja yosakhala yake. Mabatire amenewa akayaka sachita kuyamba pang'onopang'ono, amalilima nthawi imodzi n'kutulutsa utsi wakupha. N'chifukwa chake ku London analetsa kulowa ndi sikuta m'sitima ndi m'mabasi kuyambira Disembala 2021, ina itayaka m'sitima pa siteshoni ya Parsons Green mwezi wa Novembala chaka chomwecho. Ife tinkagona m'chipinda chapamwamba, moto wathu uli pansi pa masitepe, pakhomo lokhalo lotulukira.

Tsiku la ngoziyo linali Lachinayi. Mawotchi anali atabwezedwa kale m'mbuyo ndi ola limodzi kumapeto kwa Okutobala, monga amachitira kuno chaka ndi chaka, ndiye pofika 5 koloko kunali kutada ngati pakati pa usiku. Kunkagwa kamvula kaja kosalekeza ka kuno, masamba ogwa m'mitengo atamatirira pansi, oterera ngati therere. Ndinatuluka mochedwa pakhomo lina chifukwa agogo aamuna a kumeneko anakana kumwa mankhwala, ndipo ndinayenera kuwanyengerera. Khomo lotsatira linali la mayi wodwala shuga amene chakudya chake sichiyenera kuchedwa. Ndinalowa kamsewu kachidule. Magalimoto anali ataimikidwa mbali zonse ziwiri, kutsogolo kukubwera vani, ine n'kukwera pakanjira ka oyenda pansi osachepetsa liwiro. Kagalasi ka pachiwongolero kankaonetsa 25. Makilomita 25 pa ola samveka ambiri ukawatchula, koma ndi pafupifupi mamita asanu ndi awiri pa sekondi imodzi. Nyumba za m'misewu imeneyi zili ndi timageti totulukira pakanjira pomwepo, mipanda ya maluwa itatchinga, moti wotuluka sumuona mpaka ataponda panja.

Geti lobiriwira linatseguka. Chinayamba kutuluka ndi chitsulo choyendera, chija cha miyendo inayi chimene okalamba amatsamira, kenako mutu wa imvi. Agogo aakazi, atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, akukankha chitsulo chawo kupita ku bini. Sanandimve. Akanandimva bwanji? Sikuta silira. Kwathu njinga yamoto umaimvera kutali, wakabaza amaliza belu kapena kukuwa kuti "njira, njira!" Ichi chimangofika ngati mthunzi.

Ndinafinya buleki ndi mphamvu zonse n'kukhotera kumsewu. Tayala lakumbuyo linaterera pamasamba, lakutsogolo linagwera m'mphepete mwa chivindikiro chachitsulo cha ngalande, sikuta inaima pomwepo. Ine sindinaime. Ndinadutsa pamwamba pa chiwongolero, manja patsogolo, ndipo ndinamva kuti thyo! m'dzanja lamanja ndisanamve ululu. Chibwano chinamenya phula. Sikuta inagudubuzika n'kukamenya mwendo umodzi wa chitsulo cha agogo aja. Anadzandira, anagwira chipilala cha geti, anakhalabe chiimire.

Anakhalabe chiimire. Mawu amenewa ndawabwereza m'mutu mwanga kosawerengeka. Ntchito yanga ndi yomweyi, ndimadziwa chimene chimachitika munthu wa zaka zoposa 80 akagwa pa simenti. Fupa la m'chiuno limathyoka. Amapita ku opaleshoni, amagona pabedi milungu, mapapo amagwidwa matenda, miyendo imaiwala kuyenda. Ndasamalira anthu otere, amene dzulo lake ankadziphikira okha, lero ndikuwatembenuza pabedi maola awiri alionse. Ena sabwereranso kunyumba kwawo. Ndimalipidwa kuti ndizichotsa timakapeti toterera m'nyumba zawo, ndiziwakumbutsa kuvala nsapato zogwira pansi, ndizilemba lipoti akangodzandira pang'ono. Ndiye ine yemweyo, ndi baji ya wosamalira okalamba pachifuwa, ndinatsala pang'ono kugwetsa agogo a eni pageti pawo.

Ndili gone pansi, magazi akuchucha pachibwano, amene anayamba kulankhula anali iwowo. "Mwana wanga, wavulala?" Ndinalira. Dzanja linali lisanayambe n'kupweteka komwe.

Wa pavani uja ndi amene anaimba 999. Ambulansi isanafike kunabwera apolisi awiri amene anali chapafupi. Anali aulemu, sanandikalipire. Wamkazi anandifunditsa chofunda chonyezimira chija, wamwamuna anadzutsa sikuta, kuiyang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa ngati ili yanga kapena yobwereka. Ndinayankha monyadira pang'ono kuti ndi yanga, ndinagula ndi ndalama zanga, poganiza kuti akufuna kudziwa ngati ndinaba. Anapumira m'mwamba n'kuyamba kundifotokozera zonse ndalemba pamwambapa. Anaitenga n'kuiika m'galimoto mwawo. Kuti ndikaiwombole ndinayenera kukaonetsa inshuwalansi, chinthu chimene sichipezeka. Sindinaionenso.

Kuchipatala ndinakhala usiku wonse pamzere. Atandijambula anapeza kuti fupa lalikulu la mkono lathyokera pafupi ndi mfundo ya dzanja, kuthyoka kumene kumabwera munthu akatchinjiriza ndi chikhatho pogwa. Analikoka kulibwezera m'malo, anandimanga chikhakha, chibwano anasoka. Namwino amene ankandisoka anandifunsa ngati ndinavala chipewa. Nditapukusa mutu sananene zambiri, anangogogoda pachipumi panga ndi chala, pang'onopang'ono, kenako n'kuloza pachibwano. Kusiyana kwa malo awiriwa ndi kutalika kwa chikhatho chimodzi.

Nthawi yokhala pakhomo ndinaigwiritsa ntchito kufufuza chimene chinandigwetsa, chifukwa panjinga ndakwera kuyambira ndili mwana, m'misewu ya maenje kuposa ya kuno, koma sindinauluke chonchi. Nkhani yagona pa tayala. La sikuta yanga linali mainchesi 8.5, pamene la njinga wamba ndi 26 kapena 28. Tayala lalikulu likakumana ndi dzenje kapena mwala limakwera n'kudutsa. Laling'ono limalowa m'dzenjemo n'kukakamira, ngati mmene wilibala imachitira ikagunda njerwa. Chinanso, panjinga umakhala pansi, thupi lili pakati pa matayala awiri otalikirana. Pasikuta waimirira, kulemera kwako konse kuli m'mwamba, mapazi ali pamodzi, tayala lakutsogolo lili pansi pa manja ako penipeni. Ikangoima mwadzidzidzi, mutu ndi umene umatsogola. Kutulutsa dzanja kuti uonetse kumene ukukhotera nakonso n'koopsa, pakuti kachiwongolero kake n'kakafupi, dzanja limodzi silikakhazika. Ndinawerenganso za Emily Hartridge, mtsikana wodziwika pa YouTube ndi pa TV, amene anali woyamba kufa pa ngozi ya sikuta m'dziko lino, mu Julaye 2019 ku Battersea, atawombana ndi lole. Ofufuza za imfa yake anapeza kuti tayala linali lopanda mpweya wokwanira ndipo liwiro linali lalikulu. Ine miyezi isanu yonse sindinapimepo mpweya ngakhale kamodzi. Sindinkadziwa n'komwe kuti matayala aja amapopedwa.

Tsopano ndalama, pakuti ambiri tikamva za kuvulala timati tsoka silinunkha, koma tikamva za ndalama timatchera khutu. Kalata inabwera: mapaundi 300 ndi mapointi 6 a chilango pa laisensi, mlandu woyendetsa popanda inshuwalansi. Akanafuna akanawonjezera 50 ya kukwera panjira ya oyenda pansi. Ndikanapezeka ndi foni m'manja ikanakhala 200 ina ndi mapointi 6 ena. Ndipo amene mumakwera sikuta pochokera kokamwa, poganiza kuti mwachita bwino kusiya galimoto, dziwani kuti mlandu wake ndi womwewo wa kuyendetsa galimoto utaledzera: kukhoti, ndi kulandidwa laisensi. Izi zimakhudza ndi zobwereka zomwe.

Mapointi aja ndi amene akundipwetekabe. Amakhala pa laisensi zaka zinayi, ndipo sasamala kuti inali ya ophunzira, amakutsatira ukakhoza mayeso. Kuno woyendetsa watsopano akafikitsa mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyambirira amalandidwa laisensi n'kukayambiranso. Ine ndikuyamba nawo kale asanu ndi limodziwo, kutanthauza kuti kalakwidwe kamodzi kokha, ngakhale kamera ya liwiro, ndabwerera pa ziro. Nditafunsa mitengo ya inshuwalansi ya kagalimoto kakale kamene ndinkafuna kugula, ndinatseka kompyuta n'kukagona.

Chikhakha chinakhala milungu isanu ndi umodzi, ndipo atachichotsa dzanja linali lowonda, lolimba ngati chikuni, losatha kutsegula ndi botolo lomwe. Wosamalira okalamba wopanda dzanja lamanja ndi wantchito yanji? Ndinakhala pakhomo pafupifupi milungu isanu ndi inayi. Ndalama ya odwala imene lamulo linkalamula nthawi imeneyo inali mapaundi 109.40 pa mlungu, masiku atatu oyamba osawerengedwa. Lendi ya chipinda changa yokha inkameza zonsezo n'kutsala ndi ngongole. Disembala ameneyo sindinatumize kalikonse kumudzi, mwezi umene feteleza wachiwiri amafunika, ndi fizi ya Januwale ili pakhomo. Amayi ndinawauza kuti ndinaterera pa ayezi. Anandipempherera pafoni nthawi yaitali, akudzudzula nyengo yoipa ya kwa azungu, ine ndili chete ndi manyazi. Achimwene anga okha ndi amene ndinawauza zoona. Anangoti, "Chemwali, munapita kutali konseko kukagwa pa choseweretsa cha ana?" Anaseka, kenako anandibwereka ndalama, iwo amene ndimayenera kuwatumizira ine.

Panalinso mantha ena amene sitikonda kuwatchula. Viza yathu yamangiriridwa kwa olemba ntchito. Usiku ndinkagona ndikuwerenga denga: kodi andichotsa? Kodi nkhani ya apolisiyi idzatuluka pokonzanso mapepala? Abwana anandiitana, anandifunsa mafunso, analemba, ndipo mlungu womwewo anatumiza uthenga kwa antchito onse woletsa masikuta pantchito. Anachita bwino. Koma mphindi zisanu zija za pakati pa makomo sanazisinthe, ndipo ndinawauza pamaso. Pamenepo sindinagonje, ndipo mpaka lero ndimati theka la liwiro langa linalembedwa mu ofesi. Theka linalo ndi langa, pakuti palibe anandituma kukwera pakanjira ka agogo. Chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti ukhoza kuimba ku ofesi n'kunena kuti ndichedwa ndi mphindi khumi, auzeni a khomo lotsatira. Amang'ung'udza, koma dziko silitha. Mayi wa shuga uja tsiku limenelo anadya mochedwa ndi maola awiri, osati mphindi khumi, chifukwa amene ankathamangira kukawapatsa chakudya anali m'ambulansi.

Sindikunena kuti masikuta onse achotsedwe, ngakhale ku Paris anachita zimenezo: anthu anavota mu Epulo 2023 ndipo obwereka anachoka m'misewu pa 1 Seputembala. Kwa munthu wopanda galimoto amathandiza, ndipo mnzanga wa ku Chipata uja amakwerabe obwereka. Kungoti masiku ano amakwera yekha, mumsewu kapena panjira ya njinga, atavala chipewa ndi jekete yowala, makutu ali pululu, ndipo kukagwa mvula amaisiya n'kudikira basi. Asananyamuke amayesa buleki ndi kukankha tayala ndi phazi. Amati akafika pa chivindikiro chachitsulo amakumbuka chibwano changa. Ine ndinagula njinga yakapalasa yakale, ya matayala akuluakulu ndi belu lolira ngati la wogulitsa mandasi, ndipo ndimaliliza mopanda manyazi.

Mu Febuluwale, nditabwerera kuntchito, ndandanda inandidutsitsa mu kamsewu kaja. Ndinatsika panjinga n'kuyenda wapansi mpaka pageti lobiriwira. Ndinali nditagula paketi ya mabisiketi, ndipo mawu opepesa ndinali nditawakonza usiku wonse. Anatsegula ndi mtsikana wa yunifolomu ya kampani ina, wosamalira ngati ine, wa ku Nigeria. Nditamufotokozera anandilowetsa. Agogo aja anali pampando pafupi ndi windo, bulangeti pamiyendo, chitsulo chawo chili pambali. Mwendo umodzi wa chitsulocho unali ndi pokalika, utoto utachoka. Ndinagwada monga timachitira kwathu, iwo n'kudabwa, n'kuuza mtsikana uja kuti andipatse mpando. Ndinayamba kufotokoza za usiku wa mvula uja, za sikuta, za bini. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwaulemu. Sanakumbuke chilichonse. Anayang'ana chipsera cha pachibwano panga n'kufunsa kuti ndinatani pamenepo, kenako anatsegula mabisiketi aja n'kundipatsa iwiri.